Magazi Amachokera M'mafupa



Ndiyambe ndi chiwerengero. M'thupi la munthu wamkulu wathanzi, pa sekondi iliyonse mumapangidwa maselo ofiira a magazi oposa 2 miliyoni, ndipo pa sekondi yomweyo ena ochuluka chomwecho amakhala atakalamba n'kuchotsedwa. Tikakhala pano ola limodzi, aliyense wa inu atuluka pakhomo apo ali ndi maselo ofiira atsopano oposa 7 biliyoni amene analibe polowa. Ntchito imeneyi siima usiku, siipuma Lamulungu, ndipo inayamba inu musanabadwe.

Ndayamba motere chifukwa ambiri a ife tinakula tikuganiza kuti munthu amabadwa ndi muyezo wake wa magazi, ndipo akataya ena ndiye kuti apita basi. Maganizo amenewa ndi amene amachititsa bambo wamphamvu zake kuzemba pachipatala akamva kuti mkazi wake akufunika kuikidwa magazi. Ndi amenenso amachititsa mayi amene wauzidwa kuti mwana wake magazi achepa kuthamangira kugolosale kukagula chakumwa chofiira, osafunsa chimene chawachepetsa. Zoona zake n'zakuti magazi amapangidwa tsiku ndi tsiku, ndipo ziwalo zingapo zimagwira ntchitoyi modalirana. Munthu akamvetsa zimenezi, mafunso amene amafunsa kwa dokotala amasintha.

Munthu wamkulu amakhala ndi magazi pafupifupi malita 5. Ku labotale akathira magazi m'kachubu n'kukazunguza mwamphamvu pa makina, magaziwo amagawikana. Pamwamba pamayandama madzi achikasu, amene achipatala amati plasma, ndipo amaposa pang'ono theka la magazi onse. Pansi pamadikha maselo ofiira. Pakati pa ziwirizi pamaoneka kamzere koyererako, kopyapyala kwambiri, ndipo m'kamzere kameneka ndi mmene muli maselo oyera olimbana ndi matenda, pamodzi ndi tizidutswa tothandiza magazi kuundana, totchedwa mapulateleti. Mbali zinayi zimenezi zimakhala ndi moyo wosiyana kutalika kwake, ndipo chilichonse chimafuna zakezake kuti chipangike.

Funso lakuti magazi amachokera kuti linazunguza anthu nthawi yaitali. Galen, sing'anga wa ku Pergamon amene ankagwira ntchito ku Rome m'zaka za m'ma 100, ankaphunzitsa kuti chiwindi chimasandutsa chakudya kukhala magazi, kenako magaziwo amapita m'ziwalo n'kuthera komweko. Chiphunzitso chimenechi chinakhala zaka pafupifupi 1,400. Mu 1628, William Harvey wa ku England anachigwetsa ndi masamu: anawerengera magazi amene mtima umapopa ndipo anaona kuti ndi ochuluka kwambiri moti palibe chakudya chimene chingawapange onsewo mwatsopano nthawi ndi nthawi. Choncho ndi magazi omwewo amene amazungulira. Koma kumene amabadwira kunadziwika mochedwa, mu 1868, pamene Ernst Neumann ku Königsberg ndi Giulio Bizzozero ku Italy, aliyense payekha, anapeza maselo ofiira osakhwima m'mafuta a m'mafupa. Tangoganizani, anthu akhala akuswa mafupa a nyama n'kuyamwa mafuta ake kuyambira kalekale, osadziwa kuti ndiwo gwero la magazi.

Galen tisamuseke kwambiri. Mwana akakhala m'mimba mwa mayi ake, maselo oyamba a magazi amaoneka cha m'sabata yachitatu, m'kathumba kamene kamakhala pambali pa mluza. Kenako ntchitoyi imasamukira kuchiwindi, ndipo kapamba amathandizako. M'miyezi yomalizira ndi pamene mafupa amailandira, ndipo mwana akamabadwa amakhala atayamba kudalira mafupawo. Khanda limapanga magazi pafupifupi m'mafupa ake onse. Munthu akamakula, mafupa aatali a m'manja ndi m'miyendo amadzaza mafuta achikasu amene sapanga magazi, ndipo ntchito imatsalira m'mafupa a m'chiuno, a msana, nthiti, fupa la pachifuwa, chigaza, ndi kumitu kwa mafupa a ntchafu ndi a mkono. N'chifukwa chake dokotala akafuna kuona mmene magazi akupangidwira, amabaya singano pafupa la kumbuyo kwa chiuno n'kutengako pang'ono mafutawo.

M'mafuta ofiirawo muli maselo ochepa kwambiri amene ndiwo makolo a magazi onse. Selo lofiira, selo loyera, ndi pulateleti, onse amachokera ku mtundu umodzi wa selo. Selo limeneli likagawikana, likhoza kutulutsa lina lofanana nalo ndendende limene limatsala pomwepo, pamene linzake limayamba ulendo wosanduka magazi. Zili ngati mlimi wanzeru amene akakolola amapatula chimanga cha mbewu asanayambe kudya, kuti chaka chamawa asadzasowe chodzala. Makolo amenewa nthawi zambiri amakhala phee, sagawikana pafupipafupi. Amene amachulukana mothamanga ndi ana ndi zidzukulu zawo, ndipo m'badwo uliwonse umakhala utasankha njira yake mowonjezereka, mpaka selo litafika poti silingakhalenso china koma lofiira, kapena loyera la mtundu wakutiwakuti.

Umboni wa zimenezi unabwera kudzera m'njira yowawa. Mabomba a atomiki atagwa ku Hiroshima ndi Nagasaki mu 1945, anthu ambiri amene anapulumuka moto anamwalira patapita masabata, akutuluka magazi osaleka ndiponso akugwidwa ndi matenda amene thupi likanawagonjetsa. Cheza cha mabombawo chinali chitapha mafuta a m'mafupa awo. Asayansi anayamba kufufuza nkhaniyi pa mbewa. Mu 1961, ku Toronto m'dziko la Canada, James Till ndi Ernest McCulloch anawononga mafuta a m'mafupa a mbewa ndi cheza, n'kuzibaya maselo ochokera m'mafupa a mbewa zina. Patapita masiku, pa kapamba wa mbewazo panamera timatuza, ndipo kenako zinadziwika kuti kathuza kalikonse kanachokera ku selo limodzi lokha, ngakhale munali maselo a magazi amitundumitundu. Pa maziko amenewa ndi pamene paima chithandizo chopatsa wodwala mafuta a m'mafupa a munthu wina, chimene chinapezetsa E. Donnall Thomas mphoto ya Nobel mu 1990. Khansa ya m'magazi nayonso imamveka tikafika pamenepa: selo limodzi la m'mafupa limasokonekera, limachulukana osakhwima, mpaka anzake abwino amasowa malo.

Tsopano titsate selo lofiira, chifukwa ndilo lochuluka koposa. Pa maselo 10 aliwonse a thupi la munthu, oposa 8 ndi maselo ofiira a magazi. Kuti likhwime m'mafupa pamatenga pafupifupi sabata. M'masiku amenewo limagawikana kangapo, limachepa msinkhu, ndipo limadzidzaza ndi hemoglobini, puloteni yofiira imene imagwira mpweya wa okosijeni m'mapapo n'kukausiya m'ziwalo. Selo limodzi limanyamula timagulu ta hemoglobini pafupifupi 270 miliyoni. Litatsala pang'ono kutuluka, limachita chinthu chimene ine chimandidabwitsabe: limalavula phata lake, mmene muli malangizo onse a moyo wa selo. Potero limapeza malo ambiri onyamulira mpweya, ndipo limakhala lofewa, lotha kupindika podutsa m'timitsempha topapatiza kuposa ilo lomwe. Ndi laling'ono moti mutandandalika 100 pamzere sangakwane milimita imodzi. Koma kutaya phatako kuli ndi mtengo wake. Selo lopanda phata silingabereke, silingadzikonze likawonongeka. Limayenda masiku pafupifupi 120, n'kuuma, n'kulephera kupindika.

Likafika pamenepo, kapamba amaligwira. Kapamba ali kumanzere, pansi pa nthiti, ndipo amayi ambiri amamudziwa chifukwa amatupa mwa ana odwaladwala malungo. Mkati mwake magazi amadutsa m'timipata tothina, ndipo selo lokalamba limakanirira n'kumezedwa ndi maselo ena. Apa thupi silitaya kanthu mwachisawawa. Munthu wamkulu ali ndi ayironi wokwana magalamu 3 kapena 4 okha, ndipo wambiri ali mu hemoglobini. Kuti mafupa apange maselo ofiira a tsiku limodzi amafuna mamiligalamu 20 mpaka 25 a ayironi, koma matumbo amayamwa miligalamu 1 kapena 2 basi kuchokera m'chakudya cha tsikulo. Wina yenseyo amachokera m'maselo akale amene aphwanyidwa. Chotsala cha hemoglobini chimasanduka utoto wachikasu umene chiwindi chimautumiza mu ndulu, ndipo utoto umenewu ndi umene umapatsa chimbudzi ndi mkodzo mtundu wake. Maselo ofiira akamasweka ambiri nthawi imodzi, kapena chiwindi chikadwala, utotowo umadzaza m'thupi ndipo maso amachita chikasu.

Sungani chiwerengero cha ayironi chija, chifukwa chikutiuza chinthu chachikulu. Thupi limadziwa kusunga ayironi, koma limatola watsopano pang'onopang'ono. Choncho munthu amene akutaya magazi pang'ono tsiku lililonse, kwa miyezi, akhoza kufooka kwambiri ngakhale akudya bwino.

Nanga mafupa amadziwa bwanji kuti lero apange ochuluka, mawa achepetse? Uthenga umachokera ku impso. Mu impso muli maselo amene amamva kuchuluka kwa okosijeni amene akufika. Akachepa, maselowa amatulutsa homoni yotchedwa erythropoietin, mwachidule EPO, imene imayenda m'magazi kukafika m'mafupa n'kulimbikitsa maselo ofiira osakhwima kuti asafe, achulukane. Mpweya ukakwanira, impso zimachepetsa uthengawo. N'chifukwa chake munthu amene wasamukira kumapiri aatali, kumene mpweya ndi wochepa, magazi ake amachuluka m'masabata ochepa, ndipo n'chifukwa chakenso odwala impso amakhala ndi magazi ochepa ngakhale mafupa awo ali bwinobwino. Homoni imeneyi ndi yochepa zedi m'thupi, moti kuipeza payokha kunali kovuta. Takaji Miyake wa ku Kumamoto, ku Japan, anasonkhanitsa malita 2,550 a mkodzo wa odwala amene mafupa awo analeka kupanga magazi, ndipo iye ndi Eugene Goldwasser wa ku Chicago anaisefa mu 1977, n'kupezamo mamiligalamu ochepa chabe. Pofika 1989 inali ikupangidwa ngati mankhwala a odwala impso. Mmene selo limamvera kuchepa kwa mpweya anazifotokoza William Kaelin, Peter Ratcliffe ndi Gregg Semenza, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2019.

Uthenga wokha sukwanira ngati zipangizo palibe. Mafupa amafuna ayironi, mapuloteni, vitamini B12 ndi foleti. Ayironi wa m'chiwindi, nyama, usipa ndi matemba amalowa m'thupi mosavuta. Wa mu nyemba, nandolo, khobwe, bonongwe ndi nkhwani amalowa movutirapo, koma vitamini C amamuthandiza, ndiye malambe, magwafa, mapapaya kapena malalanje pambali pa nsima si zongokometsera pakamwa. Tiyi womwera pa chakudya amachita zosiyana, amatsekereza ayironi. Vitamini B12 amapezeka m'zakudya zochokera ku nyama, nsomba, mazira ndi mkaka. Foleti ali m'masamba obiriwira ndi nyemba, ndipo anadziwika chifukwa cha amayi oyembekezera. Dokotala wina wamkazi wa ku England, Lucy Wills, anapita ku Bombay mu 1928 kukafufuza chifukwa chimene amayi osauka apakati ankafera ndi kuchepa kwa magazi. Anapeza kuti Marmite, chakudya chopangidwa kuchokera ku yisiti, chinkawachiritsa, ndipo chinthu chimene chinali mmenemo ndi chimene lero timati foleti. Mapiritsi amene amayi amalandira ku sikelo ali ndi ayironi ndi foleti, chifukwa magazi a mayi woyembekezera amawonjezereka pafupifupi ndi theka. Amayi, musawataye mapiritsi amenewa chifukwa chakuti amadetsa chimbudzi kapena kuchititsa nseru. Kambiranani ndi anamwino za nthawi yabwino yomwera. Ndipo kufiira kwa chakumwa sikupanga magazi. Mafupa saona mtundu wa chimene mwamwa.

Maselo oyera ndi ochepa poyerekeza, koma ali m'mitundu ingapo. Ochuluka mwa iwo amakhala maola kapena masiku ochepa, amathamangira pamene palowa tizilombo, amatimeza n'kufera pomwepo, ndipo mafinya a pachilonda ambiri mwa iwo ndi mitembo yawo. Ena amakhala zaka, akukumbukira matenda amene thupi linakumana nawo, ndipo katemera amadalira kukumbukira kumeneku. Maselo a CD4, amene ambiri tinawadziwa chifukwa cha HIV, ali m'gulu limeneli: amabadwira m'mafupa n'kukakhwimira m'kachiwalo kena ka pachifuwa. Mapulateleti si maselo athunthu. M'mafupa muli maselo akuluakulu amene amatambasulira mbali zawo m'mitsempha, magazi odutsa n'kumazidula tizidutswa, selo limodzi n'kutulutsa mapulateleti masauzande. Amakhala masiku 8 mpaka 10. Mukadzicheka, iwo amamatirira pabala, koma kuti chotsekacho chilimbe pamafunika mapuloteni a mu plasma, amene ambiri amapangidwa m'chiwindi, ena mothandizidwa ndi vitamini K. Jekeseni ya vitamini K imene khanda limabayidwa likangobadwa cholinga chake n'chimenechi. Nachonso chidakwa chimene chapsa chiwindi chimatuluka magazi osaleka pa chifukwa chomwechi.

Taona tsopano kuti mafupa, impso, chiwindi, matumbo ndi kapamba zonse zili pa ntchito imodzi. Ndiye akakuuzani kuti magazi achepa, dziwani kuti chimene ayeza ndi hemoglobini. Bungwe la World Health Organization limati achepa akatsika pansi pa magalamu 13 pa desilita mwa bambo, 12 mwa mayi, ndi 11 mwa mayi amene wangotenga pakati kapena ali pafupi kuchira. Koma chiwerengerocho sichinena chifukwa. Mwina mafupa sakupanga okwanira. Mwina maselo akuswedwa masiku ake asanakwane, monga zimachitikira ndi malungo, pamene kachilombo kamalowa m'selo lofiira, kuberekana mmenemo, n'kuliphulitsa, kapamba n'kuchotsanso ena ambiri amene sanagwidwe n'komwe. Mwana wobadwa ndi matenda a sickle cell maselo ake amakhala masiku 10 mpaka 20 okha m'malo mwa 120. Mwinanso magazi akutayika: njoka za m'mimba zolowera kuphazi zimayamwa m'matumbo, likodzo limawatulutsira mu mkodzo, msambo wochuluka umawatha mwezi ndi mwezi, ndipo zilonda za m'mimba zimawatulutsa mobisika.

Pa nkhani imeneyi dziko lathu linaphunzitsa dziko lonse. Mu 2008, magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine inasindikiza kafukufuku amene anachitika pa ana a ku Blantyre ndi ku Chikwawa amene hemoglobini yawo inali pansi pa magalamu 5. Ambiri ankayembekeza kuti vuto lalikulu likhala kusowa kwa ayironi. Sizinali choncho. Zimene zinapezeka zikuyenda limodzi ndi kuchepa kwa magazi koopsaku zinali malungo, mabakiteriya m'magazi, njoka za m'mimba, HIV, kusowa kwa vitamini A ndi vitamini B12, ndiponso vuto lina lobadwa nalo limene limachititsa maselo ofiira kusweka msanga. Musandimve molakwa, kusowa kwa ayironi ndiko kumachepetsa magazi a anthu ambiri padziko lonse, makamaka amayi ndi atsikana. Koma mwana wotuwa m'manja ndi m'zikope, wopuma mwabefu, safunika chakumwa ayi, afunika chipatala tsiku lomwelo. Ndipo kholo lili ndi ufulu wofunsa kuti, “Adokotala, chawachepetsa n'chiyani?” Mwana akaikidwa magazi n'kubwerera kunyumba yopanda neti, ali ndi njoka zake m'mimba, adzabweranso. Zimenezi zimandiwawa mtima, chifukwa neti, nsapato ndi mankhwala a njoka n'zotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi thumba la magazi.

Thumba limenelo lili ndi gwero limodzi lokha. Mpaka lero palibe fakitale imene ikupanga magazi oti n'kuikidwa mwa odwala m'zipatala. Amachokera m'mafupa a munthu wina. Kuyambira 1901, pamene Karl Landsteiner ku Vienna anapeza kuti magazi ali m'magulu, tikudziwa kupatsana magazi mosaphana, ndipo pa 14 Juni, tsiku lake lobadwa, dziko lonse limakumbukira opereka magazi. Kuno kwathu bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene linakhazikitsidwa mu 2003, limatolera magazi kwa opereka mwaufulu n'kuwayeza HIV, matenda a chiwindi a mtundu wa B ndi C, ndi chindoko. Tikukumbukira mphekesera za anamapopa zimene zinabuka ku Mulanje ndi madera oyandikana nawo mu 2017, anthu osalakwa n'kuphedwa. Mantha otere amamera pamene anthu sanauzidwe mmene thupi lawo limagwirira ntchito, ndipo ife amene tinapita kusukulu tili ndi ngongole pamenepa.

Ndiye mverani zimene zimachitika munthu akapereka magazi. Amatenga mamililita pafupifupi 450, osakwana gawo limodzi mwa magawo 10 a magazi ake. Madzi a m'magazi amabwerera pa tsiku limodzi kapena awiri, bola amwe madzi. Impso zimamva kuti mpweya watsikako, zimatulutsa EPO, mafupa amawonjezera liwiro, ndipo m'masabata 4 mpaka 6 maselo ofiira amakhala atabwerera. Chimene chimachedwa ndi ayironi, chifukwa thumba limodzi limapita ndi mamiligalamu oposa 200, ndipo mwamva kale kuti matumbo amatola pang'onopang'ono. Pa chifukwa chimenechi amakuyezani hemoglobini musanapereke, ndipo amakuuzani kudikira miyezi ingapo musanabwerenso. Akakubwezani chifukwa magazi anu ndi ochepa, musakhumudwe, koma pitani mukafufuze chimene chawachepetsa.

Magazi operekedwa sakhalitsa. Maselo ofiira amasungika m'firiji masabata 5 kapena 6, mapulateleti masiku 5 okha. Opereka ambiri m'dziko muno ndi ophunzira a m'masekondale ndi m'makoleji, ndiye sukulu zikatsekera mu Disembala magazi amasowa, pa nyengo yomweyo imene mvula yagwa, udzudzu waswana, ndipo mawodi a ana adzaza ndi odwala malungo. Inu akuluakulu amene muli ndi thanzi, a m'maofesi, a m'mipingo ndi m'mizikiti, a m'misika, miyezi imeneyo ndi imene mukufunika kwambiri.